Kamfuko ka Nyali pa Chipewa cha Baba

Chaka chimene ndinali Fomu 3, buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku linadzaza ndi nkhani ziwiri zokha: makina osokera a kusukulu kwathu, ndi kamfuko kovala nyali pamphumi. Ndikamaliwerenga tsopano ndimaseka ndekha, koma nthawi imeneyo ndinkalemba mtima uli m'mwamba.

Za makina zinali chonchi. Kusukulu kwathu ku Kadoma makina osokera anali ochepa, pomwe atsikana ofuna phunziro la zosoka ndi zoluka tinali ambiri. Aphunzitsi athu, mayi wamtali wosakonda kubwereza mawu, anatiuza teremu yachiwiri itangoyamba kuti aliyense apange chinthu chimodzi ndi manja ake, chovala kapena chogwiritsa ntchito m'nyumba. Akadzaona zinthuzo adzasankha oti apitirize phunzirolo mu Fomu 4, ndipo otsala adzapita ku phunziro lina. Ine ndinkafuna malo amenewo kuposa china chilichonse. Ndinkalakalaka kudzakhala wojambula mapatani a nsalu, ngakhale ndinali ndisanauze munthu aliyense kupatula bukulo.

Kamfukoko kanachokera m'masewera akale a pa kanema. Tili aang'ono, pakhonde la takishopu ina ku Waverley kwathu, dera la mu Kadoma momwemo, panali makina aakulu a masewera, ndipo m'menemo munali tambala wothamanga amene aliyense ankamudziwa. Kamfuko sikanali kanthu m'masewera amenewo. Kankangotulukira tambala akatsekeredwa ndi miyala, n'kumukumbira njira, n'kulowanso pansi osanena kanthu. Koma patapita zaka eni masewerawo anaona kuti anthu amakakonda, ndiye anakapatsa nkhani yakeyake. Panatuluka masewera a pa foni, kenako makatuni a pa TV, kenako timabuku ta zithunzi. Tambala uja anasanduka mlendo wongobwera mwa apo ndi apo. Zimenezi zinkandisangalatsa kwambiri, kuti wokumbira anzake njira naye wafika poonekera.

Chovuta chinali chakuti kamfuko ka m'masewera, ka pa TV ndi ka m'timabuku sikankafanana. Ka pa TV kanali kakatali, kovala mpango wachikasu m'khosi. Ka m'timabuku kankalankhula osapuma. Pa foni ya Amai ine ndinali ndi masewera atsopanowo, ndipo mkati mwake munali gawo lina lomwe munthu ukapambana umasewera ndi kamfuko kakale kaja, kakafupi, kopangidwa ndi timabokosi tooneka bwinobwino. Ine ndinkakonda kakaleko.

Msuweni wanga wa ku Chegutu, mwana wa Tete, mlongo wawo wa Baba, ankati ndine wotsalira. Kwawo ndi kumene kunali TV yogwira tchanelo ya makatuniwo, ndipo Tete, amene amagulitsa kaunjika, zimene kuno timati mabhero, nthawi zina ankapeza timabuku ta zithunzi m'matumba a majekete. Choncho msuweni wangayo ankadziona ngati mwini kamfuko. Tikapita ku Chegutu Loweruka pa minibasi, imene kuno timati kombi, tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kukangana mpaka kutiitana kukadya.

"Kako kaja n'kambatata," ankatero. "Kalibe ndi khosi lomwe."

"Kako n'kosadziwa ntchito. Unaona kuti munthu wolowa mumgodi atavala mpango? Ungakodwe pa mwala."

"Nanga iwe unalowamo liti mumgodi, mlamu wa tambala iwe?"

Pa chisuweni palibe kukwiyirana. Tinkatukwanizana chonchi, kenako n'kugonera limodzi pa mkeka kuwerenga kabuku kamodzi, wina akudikira mnzake amalize tsamba.

Ndiye aphunzitsi atanena za ntchito ija, sindinachedwe kuganiza. Ndinati ndidzaluka kansalu kakatali koyala pamsana pa sofa, pakhale timifuko tikuyenda pamzere. Kuluka ndinkadziwa, Amai anandiphunzitsa ndili Giredi 5. Ulusi tinaupeza popasula majuzi awiri akale amene Tete anatipatsa, lofiirira ndi labuluu, ndi kajuzi ka mwana kachikasu. Amai anauviika m'madzi ofunda kuti uwongoke, n'kuuyanika pa waya.

Ndinayamba ndekha, ndikuyang'ana pa foni n'kumaluka mongoyerekeza. Patatha sabata ndinali ndi chinthu chofiirira, chachikulu m'mbali, chokhala ndi diso limodzi. Amai anachitembenuza uku ndi uku.

"Ndi chule?"

"Ndi mfuko, Amai."

"Ooh. Wadya bwino."

Baba anali pakhonde pomwepo akukonza chomwera nkhuku. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri mufakitale ya nsalu ku Chegutu, ndipo ntchito yawo inali yojambula mapatani pa mapepala a timabokosi, kuti oyendetsa makina oluka adziwe ulusi uti ukwere, uti utsike. Fakitale itasiya kulira tinasamukira ku Kadoma, iwo n'kuyamba kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Mapepala awo anali m'sutikesi ya chitsulo pansi pa bedi. Sankaitsegula, ndipo ife tinkadziwa kuti si nkhani yoiyambitsa. Komabe tsiku limenelo ndinalimba mtima.

"Baba, simungandijambulireko pa mapepala anu aja?"

Sanadzutse mutu. "Ntchito imeneyo inatha, mwanangu. Funsa amayi ako."

Ndinalemba m'buku langa madzulo ake kuti mwina ndingosoka epuloni ngati anzanga onse. Koma epuloni akanasoka atsikana khumi, ndipo ena mwa iwo amasoka mowongoka kundiposa.

Patapita masiku awiri ndinasiya foni pa mpando wa pakhonde, kamfuko kakale kali pa galasi, ine n'kupita kukatunga madzi. Pobwera ndinapeza Baba aigwira patali ndi maso, chikhadabo cha chala chawo chikuyenda pang'onopang'ono pa galasi. Milomo inkagwedera. Ankawerenga.

"Ichi chimakula?" anafunsa.

Ndinawaonetsa mmene amakulitsira chithunzi ndi zala ziwiri. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Amene anajambula kanyama aka anagwirapo ntchito ya nsalu. Taona, mitundu inayi yokha, ndipo sanataye bokosi ngakhale limodzi. Nyali yonseyi ndi timabokosi titatu." Anatenga chule wanga uja pa mpando. "Iwe unalakwa pamodzi pokha. Bokosi la apa ndi lofanana mbali zonse. Sititchi ya kuluka ndi yaikulu m'mbali, yaifupi m'mwamba. Ukangokopera, chinthu chimanenepa. Umayenera kuwonjezera mizere."

Sananene kuti avomera. Anangolowa m'nyumba, ndipo ndinamva sutikesi ikukwekwerezeka pa simenti. Amai, amene ankasankha tomato wa kumsika, anandiyang'ana n'kundigwedezera mutu kuti ndisalankhule kanthu.

Mapepala aja anali atachita chikasu m'mphepete, akununkha ngati mankhwala a njenjete. Baba anasongola pensulo ndi mpeni wa kukhitchini. Anandifunsa kutalika kwa nsalu imene ndinkafuna, anayeza masitichi anga ndi rula, n'kuwerengera pambali pa pepala. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti kamfuko kakhale kakale koma kavale mpango wachikasu wa pa TV, kuti msuweni wanga asowe chonena.

"Mpango mumgodi?" anatero.

"Inenso ndinanena zomwezo, Baba."

Anaseka, ndipo anawonjezera timabokosi tachikasu m'khosi.

Pepalalo sanandipatse. Anati kufakitale wojambula ndi woluka aliyense ali ndi ntchito yake, ndipo woluka akamayang'ana uku ndi uku ndi pamene amalakwitsa. Iwo aziwerenga, ine ndiziluka, ndipo manja akhale anga okha chifukwa ntchito ndi yanga. Choncho tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu tinkakhala pakhonde dzuwa lisanalowe, iwo pa mpando, ine pa mkeka, pepala lili pa bondo lawo, rula itatsekereza mzere umene tili.

"Abuluu asanu. Ofiirira atatu. Abuluu asanu ndi awiri."

"Abuluu asanu ndi awiri."

"Wachikasu mmodzi. Usakoke kwambiri ulusi wa kumbuyo, nsalu ikhwinyata."

Mzere wina ankauwerenga kuchokera kumanja, wotsatira kuchokera kumanzere, chifukwa woluka akafika kumapeto amatembenuza nsalu. Sanasokonezepo ngakhale kamodzi. Kunyumba kwathu Baba amalankhula Chichewa, ife ana n'kumayankha m'Chishona, ndipo zakhala choncho kuyambira kale. Koma pobwereza manambala aja ndinkabwereza mmene iwo anenera, ndipo posakhalitsa ndinapezeka ndikuwafunsanso zina m'Chichewa momwemo. Anandiuza za phokoso la makina, kuti anthu ankalankhulana ndi manja, ndiponso kuti thonje linkawakhala m'tsitsi mpaka Lamlungu kutchalitchi. Ine ndinawafotokozera nkhani ya kamfuko: kuti pa TV kali ndi anzake atatu, kuti m'timabuku kanapeza mzinda pansi pa phiri, kuti m'masewera kakalowa dzenje la kumanja kwa galasi kamatulukira kumanzere.

"Nanga tambala uja amalipidwabe?" anafunsa tsiku lina.

"Amangobwera nthawi zina."

"Ndi mmene zimakhalira. Bwana wa dzulo."

Masiku amenewo anali okoma kwambiri. M'buku langa muli tsamba lina lomwe ndinangolembapo kuti, lero Baba aimba nyimbo akudyetsa nkhuku.

Kuluka kumayambira pansi kupita m'mwamba, ndiye poyamba panaoneka nthaka, kenako timiyendo. Pakati panali timifuko tiwiri, ndipo tinkatuluka bwino zedi, osanenepa. Koma m'mphepete monse muwiri munkamera zinthu zofiirira zimene sindinazimvetse. Ndinaganiza kuti ndi miyala. Zitakula ndinafunsa.

"Baba, izi za m'mbalizi?"

"Zili m'malo mwake. Ofiirira anayi."

Ndinawakhulupirira, ndipo ndinali ndi changu chifukwa masiku anali kutha. Ntchito inkafunika Lachiwiri. Ndinatseka mzere womaliza Loweruka m'mawa, ulusi wabuluu utatsala wongokwana kukulunga pa chala. Tsiku lomwelo Tete ndi msuweni wanga anatsika kombi kudzationa.

Ndinayala nsalu ija pamsana pa sofa kuti onse aone. Apa m'pamene ndinaiona bwinobwino koyamba, ndili chapatali. Pakati panali timifuko tiwiri tokongola, nyali pamphumi, mpango m'khosi. Kumphepete kwa kumanja kunali kachitatu, koma thupi la kumbuyo lokha, miyendo ndi kamchira. Kumphepete kwa kumanzere kunali mutu wake ndi nyali, wopanda thupi.

Msuweni wanga anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenako anakhala pansi ndi kuseka.

"Kagundidwa ndi kombi ya ku Mubaira. Mutu uku, matako uko."

"Iwe, khala chete," anatero Tete, koma nawonso anali atagwira pakamwa.

"Ayi Mhamha," anatero msuweni wanga kwa amayi akewo, "tiyeni tisonkhe chipepeso. Maliro ali ku Waverley."

Tsiku lina lililonse ndikanamubwezera. Koma ndinaganiza za aphunzitsi aja akunyamula nsalu yanga pamaso pa kalasi, n'kuona ngati sindinathe kuwerenga masitichi. Ulusi wina wabuluu panalibe, ndipo ngakhale ukanakhalapo, masiku atatu sakanakwana. Misozi inangoyamba yokha. Msuweni wanga atandiona anasiya kuseka nthawi yomweyo, n'kubwera kudzakhala pafupi nane.

Baba analowa akupukuta m'manja. Anayang'ana nsalu, anayang'ana ine, ndipo zinkaoneka kuti sakuona chimene chalakwika.

"Yatuluka bwino. Palibe sititchi yolakwika."

"Achimwene," anatero Tete, amene nawonso anagwirapo ntchito kufakitale kuja, kumbali yopinda nsalu, "mwamujambulira mwana patani ya makina. Iyi ndi ya pa sofa. Ili ndi pothera."

Baba anaiyang'ananso nsalu ija. Kenako anakhala pa mkono wa sofa n'kugwira pachipumi.

"Zoona," anatero motsitsa. "Zaka zonse zija sindinajambulepo chinthu chokhala ndi pothera. Nsalu ya kufakitale imangopitirira. Umadula chithunzi pakati, theka uku, theka uko, kuti patani ikamabwereza pasaoneke polumikiza. Dzanja langa linangochita zimene linazolowera. Pepa, mwanangu. Ndakuonongera."

Ndinali ndisanawamvepo Baba akupepesa mwana. Zinandipweteka kuposa nsalu ija, moti ndinapukuta misozi n'kufunsa chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu, kuti angosiya kuyang'ana pansi.

"Ndiye kufakitale zimakumana bwanji?"

"Chonchi." Anachotsa nsalu pa sofa, anagwira mphepete ziwiri zija, n'kuzizungulitsa mpaka zitakhudzana. "Mbali iyi imapeza inzake."

Mutu unakhala pa thupi. Mpango unakumana ndi msana, mzere pa mzere, osaphonya ngakhale sititchi imodzi. M'manja mwa Baba munali timifuko titatu tathunthu tikutsatana mozungulira, ndipo sukanadziwa kuti koyamba ndi kati.

"Ngati m'masewera," anatero msuweni wanga. "Kalowa kumanja, katulukira kumanzere."

Ine ndinali kuyang'ana kukula kwa bwalo limene linapangika pakati. Ndinaitenga nsalu ili chizungulire, ndinaimirira, n'kuiveka pamutu pa Baba. Inakwana ngati ndinachita kuyeza.

"Si ya pa sofa," ndinatero. "Ndi chipewa."

Amai, amene anali ataima pakhomo la kukhitchini nthawi yonseyi, anabwera n'kutsina pamwamba pake ndi zala. Anati ndikalumikiza m'mbali ndi ulusi wabuluu wotsala uja, pamwamba ndikhoza kusonkhanitsa ndi wofiirira, n'kuikapo kampira ka ulusi wachikasu. Wachikasu unalipo wambiri, popeza mipango ndi nyali sizinadye ulusi.

Masana onse a tsikulo anathera pa chipewa. Ndinasoka polumikiza pang'onopang'ono, Baba akuyang'anira kuti mzere uliwonse upeze mnzake, koma osagwira singano. Msuweni wanga anadula katoni ya sopo mozungulira kuti tikulungirepo ulusi wa kampira, uku akudandaula kuti mpango ndaupanga waufupi.

"Wa pa TV umauluka ndi mphepo."

"Pansi pa nthaka mphepo ichokera kuti?"

"Iwe ndi Sekuru mwafanana," anatero akuloza Baba, amalume akewo, "nkhani zanu n'za mgodi basi."

Tete ndi Amai anaphika nsima, imene kuno timati sadza, ndi nkhuku imodzi ya Baba, imene iwo anati inali yaulesi kale. Tinadyera panja, chipewa chili pa waya wa zovala kuti tonse tizichiona.

Lachiwiri ndinachiika pa tebulo la aphunzitsi pakati pa maepuloni ndi mapilo. Anachinyamula, anachizunguza kamodzi, kawiri, kufuna polumikiza. Atalephera anachitembenuza kunja kukhala mkati, n'kupapeza.

"Waluka ndani?"

"Ndaluka ndine, Madamu. Patani anajambula ndi bambo anga, ndipo ankandiwerengera mizere." Ndinali nditaganiza kale kuti ndinena zoona, ngakhale zindichotsere malo.

"Nanga n'chifukwa chiyani chithunzi ichi chili pa msoko penipeni? Ambiri amathawa pamenepo."

Ndinawafotokozera zonse, za sofa, za theka uku theka uko, ndi za sititchi imene ili yaikulu m'mbali kuposa m'mwamba. Anandipatsa choko n'kunena kuti ndijambule pa bolodi mmene ndingadulire duwa kuti likumane lokha. Ndinali nditaona Baba akuchita, ndipo Lamlungu ndinali nditayeserera pa pepala limodzi limene anandipatsa. Ndinajambula timabokosi, theka la duwa kumanja, theka kumanzere. Aphunzitsi anayang'ana, kenako anati ndikakhale pansi.

Mayina anawapachika pa chitseko Lachisanu. Langa linalipo, lachinayi kuchokera pamwamba. Ndinaliwerenga katatu, kenako ndinathamanga njira yonse mpaka ku Waverley osadikira anzanga.

Baba ndinawapeza kuseri akusesa m'khola. Nditawauza anatsamira tsache, n'kugwedeza mutu kangapo.

"Chipewa abweza liti?"

"Sabata ya mawa."

"Chabwino. Kukuzizira."

Anachivala nyengo yonse yozizira ya chaka chimenecho, kumsika, kokagula chakudya cha nkhuku, ngakhale pa kombi ya ku Chegutu. Ana a mumsewu mwathu ankawatsatira kuti aone kamfuko, ndipo iwo ankatembenuka pang'onopang'ono kuti anawo apeze polumikiza. Mnzawo wina wa ku Ingezi, amene ankagwira naye ntchito kale, atachiona anachivula pamutu pawo popanda kupempha, anachiyang'ana mkati, n'kunena kuti dzanja ili akulidziwa.

Sutikesi ija sinabwererenso pansi pa bedi. Msuweni wanga anatumiza uthenga kuti nayenso akufuna chake, koma cha kamfuko ka pa TV, kakatali, mpango ukuuluka. Baba anati kameneko n'kovuta chifukwa kalibe timabokosi, tiyenera kukapangira tokha. Anandipatsa pepala ndi pensulo, iwo n'kutenga singano za Amai, zimene anali asanazigwirepo chibadwire. Anati ulendo uno ndijambule ndine ndi kuwerenga ndine, ndipo ndisawathamangitse.